Chipata cha Osakalamba

"Fulumirani, mayi a Dong-hwi, anthu atisiya!" anatero a Pan-su, akusuzumira komwe gulu la alendo anzawo linkakhotera kuseri kwa mitengo.

"Thamangani inuyo mnyamata," anayankha akazi awo, a Mal-sun, atagwira m'chiuno.

Anachoka ku Mokpo pa sitima ya m'mawa. Mawa lake a Mal-sun ankakagonekedwa m'chipatala ku Seoul kuti awachite opaleshoni ya m'mimba, ndipo dokotala sanalonjeze kanthu. N'chifukwa chake a Pan-su anakakamira zodzera kaye ku nyumba yakale ya mafumu ya mumzinda womwewo. M'munda wa kuseri kwake muli chipata chamwala chimene amati wodutsapo sakalamba, amakhalitsa. Munthu amene ankaseka akazi ake akamapita kwa olosera, lero mutu unali utamuzungulira chifukwa cha mwala.

Vuto linali lakuti m'mundamo salola kuyenda wekha. Mtsikana wotsogolera alendo anali atanena kale kuti otsalira awabweza. A Pan-su sanaone dziwe, sanaone madenga okhota a nyumba za m'mundamo. Ankangopita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, mtima uli m'mwamba.

Pofika pachipatapo, gulu linali litadutsa kale. Mtsikanayo anawakodola ali chapatali.

"Agogo, chonde tiyeni!"

A Mal-sun anangokhala pansi, akupuma movutikira.

"Dutsani inuyo," anatero. "Zanga zili m'manja mwa adokotala. Mmodzi atsale wothirira kabichi wathu uja."

"Ulendo wonsewu mukuyesa ndayendera ine?"

"Ndi dazi limenelo, chipatachi chikufuna inu."

A Pan-su sanaseke. Anavula jekete, n'kugwada kutsogolo kwa akazi awo, kuwapatsa msana.

"Kwerani."

"Mwapenga kodi, bambo a Dong-hwi? Anthu ationa!"

"Ationa kumene. Kwerani."

Anawabereka. Anakunga miyendo ngati akunyamula thumba la mpunga, koma anadzuka mosavuta mpaka kudzandira. Pamenepo m'pamene anadziwa mmene matenda anawadyera akazi awo.

"Weramani, mungagunde mutu," ananong'ona a Mal-sun.

Anawerama n'kudutsa nawo. Atafika mbali inayo, a Mal-sun anawagogoda paphewa.

"Basi, nditsitseni."

A Pan-su anachita ngati sanamve. Anawakweza bwinobwino kumsanako, n'kuyamba kutsatira gulu lija.