Mabatani Atatu a Bambo

"Mzime, chinthu chako chija chikukana kutseguka," anatero achimwene pa foni. "Kapena chimatsegukira ophunzira okhaokha?"

Ndinayang'ana pa laputopu yanga. Tsamba linali pomwepo, mabatani atatu ali pamzere: m'mawa, masana, madzulo. Kenako ndinazindikira uchitsiru wanga. Ndinali nditatumizira banja lonse adiresi yogwira ntchito pa kompyuta yanga yokha. Manyazi anandigwira, koma ndinalimba m'maso n'kuwauza kuti vuto ndi netiweki ya kwawoko.

Chomwe chinandiyambitsa zonsezi sichinali choseketsa. Mwezi umenewo bambo anakomoka pakhonde atamwa mankhwala a mtima kawiri: achemwali anawapatsa asanapite kuntchito, amuna awo n'kudzawapatsanso, poganiza kuti bambo sanamwe. Achimwene atamva anagamula kuti pakatha masabata atatu adzawatenga akakhale kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu. Bambo sanatsutse. Anangoyang'ana makoma a nyumba imene anamanga okha, misozi ili lengelenge. Ine, wa miyezi inayi yokha ndikuphunzira kulemba mapulogalamu, pakamwa panandiyabwa.

"Ndipatseni masabata atatuwo," ndinatero. "Ndipanga choti aliyense azidziwa ngati bambo amwa kapena ayi."

"Iwe? Amene unasiya maphunziro osoka diresi lilibe manja?" anatero achimwene.

Ndinagwiritsa ntchito chida chimene amati fulemuweki. Umapanga kachidutswa kamodzi, monga batani, kenako n'kumakaika paliponse pomwe ukukafuna osayambiranso. Tsiku lomwe batani langa loyamba linabiriwira nditalidina, chizindikiro choti mankhwala amwedwa, ndinavina ndekha m'khitchini mpaka ndinagunda ndowa.

Nditaphunzira kuika tsambalo pa intaneti, ndinayamba kuyenda modzimva. Sizinachedwe. M'mawa wina ndinapeza alamu, amuna a achemwali aja, ataima pakhomo la chipinda cha bambo, botolo la mankhwala lili m'manja.

"Alamu, dikirani! Achemwali sanawapatse kale?"

"Pa foni panga sipanabiriwire," anatero, akundionetsa.

Ndinaimbira achemwali, amene anali kale mu minibasi. "Ndawapatsa ndipo ndadina, Mzime. Kwanga kuno n'kobiriwira."

Foni iliyonse inkakumbukira zakezake, osauza inzake. Ndinali nditamanganso ngozi yomwe ija, kungoti tsopano yokongola. Ndinalanda botolo lija m'manja mwa alamu popanda ulemu uliwonse, ndipo tinakhala tikulemba papepala masiku anayi, ine ndikulimbana ndi kusunga zonse pamalo amodzi pomwe mafoni onse aziwerenga. Ndinalira kawiri, sindibisa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Zitatheka, ndinakulitsanso mabatani aja mpaka achemwali anati akuoneka ngati zivindikiro za mapoto.

Achimwene anafika Loweruka ndi galimoto, dzuwa lili paliwombo. Bambo anali atavala kale jekete ndi nsapato zawo za paulendo, chikwama chili pakhomo. Achimwene anakana ngakhale madzi akumwa. Anakhala pansi, n'kutsegula tsamba lija pa foni pawo, n'kuyamba kutsika tsiku ndi tsiku: nthawi, ndi dzina la amene anadina. Panalibe mpata, panalibenso pobwereza.

"M'mawa ndi madzulo ndikuona," anatero. "Koma masana nonse mumakhala kuntchito. 'Mwini Nyumba' ameneyu ndi ndani?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisamwetulire.

Bambo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anatsegula botolo, anameza piritsi limodzi ndi madzi, kenako anatulutsa foni yawo m'thumba la jekete. Chala chawo chachikulu chinatera pa batani la pakati. Nthawi yomweyo foni ya m'manja mwa achimwene inabiriwira.

Achimwene anaiyang'ana nthawi yaitali. "Wapanga wekha chimenechi, Mzime?"

"Ndekha, achimwene."

Achimwene anakanda m'mutu. Bambo sanadikire chigamulo cha munthu.

"Mzime, kabweze chikwamacho kuchipinda," anatero, ndipo anawerama pang'onopang'ono n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zawo.