Chinyumba cha a Mailosi

"Mawa," anatero a Kefasi, mawu akuchokera kunsi kwa galimoto. Esnath ankangoona miyendo yawo yokha ndi nsapato zoyasama kuzala.

"Dzulo munati mawa. Dzana munatinso mawa."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga."

"Nkhonoyo ilibe bambo ake ku mochale," Esnath anayankha, ndipo a Kefasi anasiya kugogoda.

Linali tsiku lachisanu chimwalirireni bambo ake, a Mailosi Mbewe. Anagwa pakhomo pawo ku St Mary's, mu Chitungwiza ku Zimbabwe, akumanga zingwe za nsapato, ndipo pofika nawo ku chipatala n'kuti atatisiya kale. Chaka chimenecho, 2008, munthu ukafa unali utawalakwira abale ako. Magetsi ku mochale ankabwera ngati mlendo, ndipo woyang'anira kumeneko anamuuza Esnath mosapsatira: mafiriji asanduka makabati wamba, pofika Lachisanu adzatenge mtembo, apo ayi iye asamba m'manja. Tsono lero linali Lachitatu.

Galimoto imene a Kefasi anagona pansi pakeyo inali yachilendo mu Chitungwiza monse. M'kati mwake munali bedi, katebulo, ndi sinki yokhala ndi mpope wopopa ndi dzanja. Anthu ankangoitcha Chinyumba. A Mailosi anachoka ku Dedza ali mnyamata, nayendetsa thirakitala pa famu ina kufupi ndi Marondera zaka makumi atatu. Mafamu atalandidwa, mzungu wawo pothawa anawasiyira galimotoyo, injini ili yakufa, nati ndiyo penshoni yawo. Anzawo anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma iwo anaikokera ku St Mary's, nayamba kuiukitsa kachitsulo kamodzikamodzi, mpaka inatsala kilachi yokha.

"Imeneyi idzandifikitsa kwathu," ankatero. Ndipo tsiku lina, mwezi wa Juni, anamugwira Esnath pamkono mwamphamvu. "Ndikafa musanditaye kuno. Ndikagone pafupi ndi mayi anga. Wamva?" Iye anavomera akuseka, poti munthuyo anali wathanzi. Ha, pakamwa m'poipa!

A Kefasi anatuluka pansi paja, nadzipukuta nkhope ndi malaya. Nawonso makolo awo anali a ku Ntcheu, ndipo galaja yawo inali mpanda wa nyumba yawo ku Zengeza 1, kumene anaikokera galimotoyo mnzawo atamwalira.

"Mbale ya kilachi ndinaitanitsa ku Musina, ku Joni, basi yake yafera pa Beitbridge. Ndasiya kudikira. Ndapeza ya lole yakale, ndikuipala kuti ikwane. Bambo ako anali mnzanga, Esnath. Sindikugona."

Esnath anabwerera wapansi. Kunyumba olira anali atachepa, pakuti siwa yopanda chakudya sichedwa kuphwasuka. Pabalaza panali bokosi lopanda kanthu, lokhomedwa ndi azibambo a ku tchalitchi kuchokera ku matabwa a wadiropu ya amayi ake. Pachivundikiro pankaonekabe mabowo a chogwirira. Amayi, a Nangondo, anakhala pamphasa atatsamira khoma, ndipo Gordon, mlongo wake wamng'ono wa Esnath, dalaivala wa minibasi, ankayendayenda ngati nyumbayo yamuchepera.

"Sisi, tamverani," anayamba Gordon. Chichewa chake chinali chotsimphina, Chishona chikusuzumira pena ndi pena. "Pali munthu akufuna Chinyumba, ati achisandutse shopu. Tigulitse. Tiwaike kuno mwaulemu, anthu adye, nkhani ithe."

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza inu! Woyendetsa ndine. Dizilo ali kuti? Abwana anga andipatsa chigubu chimodzi, chimodzi basi. Ngakhale tikafike, tibwerera chiyani? Mkazi wanga Natsai ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu ku Unit G uko. Ndikakhale kumudzi kosadziwa munthu, ana akundiseka malankhulidwe, mwana wanga akubadwa ine kulibe? Hazvigone, sisi. Sizingatheke."

"Mapepala onse ndatenga kale. Masiku atatu ndikuima pamizere."

"Mapepala sayendetsa injini." Gordon anatembenukira bokosi lija, mawu nakwera. "Ndipo tikuvutikira ndani? Zaka zisanu akutsuka malole ku Harare, anabwera ndi chiyani? Kabotolo m'thumba la chiguduli. Madzulo alionse kukadzitsekera m'Chinyumba ndi kabotolo kawo. Ife tikudya kamodzi pa tsiku, iwo ali pa kachasu!"

"Tseka pakamwa pako," anatero amayi, osakweza mawu. "Maliro sanyozedwa. Ine ndagona nawo mphasa imodzi zaka makumi atatu ndi zisanu, fungo la mowa sindinalimvepo. Ankangonunkha malole awowo."

Kabotoloko Esnath nayenso ankakaona, ndipo kankamuchititsa manyazi. Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti Gordon sananame pa nkhani ya dizilo. Mtima wake unali pa moto: lonjezo mbali iyi, mlamu wake woyembekezera mbali inayo.

Lachisanu m'mawa kunamveka chiphokoso mumsewu, agalu nauwa. Chinyumba chinatulukira pangodya chikufuka utsi wakuda, a Kefasi ali pachiwongolero, mano onse pamtunda. Anthu anatuluka m'makomo kudzaona chozizwitsa. Zaka zisanu ndi ziwiri chili pa njerwa, lero chikuyenda chokha, mwini wake ali ku mochale.

Gordon anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analandira makiyi.

"Ku Murewa kuli munthu amene amagulitsa dizilo kuseri kwa nyumba. Ndimupatsa foni yangayi. Tikamupeza alibe, tikubwerera. Mwamva, sisi?"

Esnath analowa m'nyumba kukatenga mapepala aja.

Ku mochale sanawalole amayi kuona nkhope. Bokosi analikhomeratu, naliika pa bedi la m'galimoto, nalimanga ndi zingwe. Amayi anakhala pambali pake, dzanja lili pachivundikiro. Pa mlatho wa Manyame anagogoda kawiri ndi chala.

"A Mbewe, tikuoloka Manyame. Musatsale."

Anatero pa mlatho uliwonse, monga amachitira anthu potenga maliro ulendo wautali, kuti mzimu usasochere panjira. Gordon ankangopukusa mutu.

Ku Murewa munthu wa dizilo uja anamupeza atakhala pa diramu lopanda kanthu, akudya nzimbe. Anati wotsiriza anagulitsa Lolemba. Gordon anabwerera m'galimoto nkhope itagwa, nayamba kukhotetsa chiwongolero. Esnath anachigwira ndi manja onse awiri.

"Tibwerere kuti? Ku mochale sangawalandirenso. Ku Mutoko si kutali, Gordon. Chonde, mlongo wanga. Ndagwira mwendo wako."

Gordon anamuyang'ana, nayang'ana amayi, natukwana chapansipansi m'Chishona. Analoza galimoto ku Mutoko.

Sanafikeko. Patatsala mtunda pang'ono, pakati pa mapiri a miyala, injini inatsokomola katatu n'kuti zii. Gordon anaikankhira kumbali kwa msewu ndi liwiro lotsala. Linali dzuwa la Okutobala, la paliwombo, lija limasungunula phula. Galimoto yonse inasanduka uvuni.

Anadikira. Msewu umene kale unkadzaza malole a ku Malawi unali pululu. Patapita ola inadutsa lole imodzi, Esnath anaima pakati pa msewu atakweza manja, koma inangomulambalala ikuliza hutala. Yachiwiri inaima. Dalaivala wake atamva nkhani yonse anavula chipewa, nati pepani, naye dizilo wake ngwoyezedwa ndi abwana, akapungula ntchito yatha. Anawasiyira malalanje awiri.

Kenaka fungo linayamba. Palibe anatchula. Amayi anatenga chitenje china nafunditsa bokosi, ngati kuti nsalu ingathandize. Ntchentche zazikulu zobiriwira zinayamba kulowa pazenera.

"Apo pali mudzi," anatero Gordon, mawu ali otsika tsopano. "Ndipite ndikapemphe malo. Atibwereke makasu. Madzi afika m'khosi, sisi, simukuona?"

"Ndiwataye patchire? Kwa eni, kopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lawo?"

"Mwawafikitsa pano ndinu!"

Mawu amenewo anamulasa, pakuti anali oona. Esnath anakhala pansi m'mbali mwa tayala nalira, kulira kwenikweni kumene sanalire chimwalirireni bambo ake. Anali atalephera. Kuno sanawaike, kwawo sanawafikitse, anangowatenga kudzawaoletsa pamsewu ngati galu wogundidwa.

M'galimoto munamveka kugwa kwa chinthu. Anathamangira m'kati napeza amayi atatsetserekera pansi, maso atatembenuka, milomo itauma gwa. Botolo la madzi linali litatha kalekale.

"Mhamha! Mhamha!" Gordon anaitana amayi ake m'Chishona, akuwakupiza ndi chipewa. "Madzi, sisi!"

Esnath anayang'ana uku ndi uku, maso nagwera pa sinki. Mpope wake a Mailosi anaumanga ndi waya zaka zapitazo. Ankati ndi wakufa, wina asaukhudze, ndipo mu Chitungwiza mmene mipope yonse inali youma palibe anadabwa nazo. Koma mwina, mwina pansi pa thanki panatsalira timadzi ta mzungu uja. Anapotokola wayayo mpaka chala chinachekeka, natchera kapu, nayamba kupopa. Mpope unafwenthera mpweya. Anapopabe. Kenaka unalavula, ndipo m'kapu munagwa zinthu zachikasu, zonona.

Fungo lake linadzaza galimoto yonse, kuposa lina lija.

Gordon anamulanda kapuyo, nanunkhiza, naviika chala. Anawasiya amayi m'manja mwa Esnath, amene anang'amba lalanje ndi mano nawafinyira m'kamwa. Gordon anagwada nakanganula thabwa la pansi pa sinki. Kathanki ka madzi kanali katachotsedwa. M'malo mwake munali chithanki chachitsulo chowotcherera pamanja, chotalika mpaka kunsi kwa bedi. Anachigogoda ndi nkhonya, ndipo chinayankha ndi mawu a chinthu chodzaza.

"Kabotolo kaja," anatero amayi, atatsegula maso. "Kalanga ine, kabotolo kaja."

Zinamveka zokha popanda wofotokoza. Ndalama ya chaka chimenecho ukailandira m'mawa, madzulo inali pepala. A Mailosi ankatsuka malole n'kumapempha kuti awalipire dizilo, kabotolo kamodzi pa tsiku. Akanaulula, diziloyo akanagulitsidwa tsiku lomwelo, ndipo woyamba kunyamula chigubu akanakhala Esnath yemwe.

"Tinkadya kamodzi pa tsiku," anatero Gordon, "chuma chili pansi pa sinki."

"Nawonso ankadya kamodzi," amayi anayankha.

Pambali pa thankiyo panali ndodo yansungwi yomangirira ndi chingwe, yoyezera. Gordon anatsegula chitsekero, naiviika mpaka pansi, naitulutsa, napita nayo pakhomo pamene panali kuwala. Inali ndi mizere yocheka ndi mpeni, ndipo pa mzere uliwonse panali dzina lolembedwa ndi msomali wamoto, zilembo zopindika za munthu wa sukulu yochepa. Pamwamba penipeni panali Murewa, pouma. Dizilo ananyowetsa kufika chala chimodzi pamwamba pa Mutoko. Kagawo kapamwambako ndi kamene imfa inawapeza asanadzaze.

Gordon anatsitsa chala akuwerenga mokweza. "Mutoko. Nyamapanda. Tete. Dedza." Apo panali mzere wokhuthala, ndi kamtanda. Koma mzerewo unali pakati pa ndodo, osati kumapeto. Mayina anapitirira kunsi kwake.

"Tete," anawerenganso, pang'onopang'ono. "Nyamapanda. Mutoko. Harare. St Mary's."

Anaima. Pansi pa St Mary's, kutsala pang'ono kuti ndodo ithe, panali kamzere kena kamodzi. Kanali katsopano, nsungwi yake isanade ngati inzake. Gordon anasamukira kwa mkazi wake chaka chathachi.

"Palembedwa chiyani?" Esnath anafunsa.

Gordon anangomupatsa ndodoyo natulukira kunja. Esnath anapukuta dizilo ndi chala chake chochekeka chija, nawerenga: Unit G.

Ntchito yopopera m'chigubu ndi kuthira m'galimoto inawatengera nthawi, ndipo Gordon anavutika kutulutsa mpweya m'mapaipi, manja ali noninoni, akupukuta maso ndi phewa. Injini inakana kawiri, kachitatu inavomera. Esnath anamangiriranso ndodo ija pamalo pake. Amayi anabwerera pambali pa bokosi.

Gordon sanakhale pampando nthawi yomweyo. Anapita kumbuyo, naima pafupi ndi bedi, osatseka mphuno. Anapukuta dzanja pa buluku, nagogoda kawiri pachivundikiro, pafupi ndi mabowo a chogwirira cha wadiropu.

"Bambo," anatero, m'Chichewa chake chotsimphina chija, "ndine Gordon. Tikunyamuka. Musatsale."