Njuchi za m'khoma mwanga

Njuchi zanga zimakhala m'khoma la nyumba, monga za aliyense kuno kumapiri: kunja kabowo kolowera, m'kati thabwa lomata ndi dothi ndi ndowe. Timafula uchi chikondwerero cha Diwali chikapita, ndipo theka la malesa timazisiyira, poti chisanu chikagwa kulibe duwa ndi limodzi lomwe. Thabwa tikamata ndiye tamata, mpaka mapichesi achite maluwa. Izi ine Bhaguli ndazidziwa chikwatiwire.

Chaka chatha, titangofula, kunabwera Pooran, amene amagula phula n'kukagulitsa kwa opanga mafuta odzola ku Haldwani. Analoza thabwa ndi chibwano.

"Mayi, mwasiya angati m'menemo? Dulani onse. Njuchi muzipatse madzi a shuga, sizidziwa kanthu."

"Iweyo ukamwe madzi a shuga miyezi itatu, udzandiuze," ndinatero. "Tiye, uzipita."

Anaseka, koma maso ali pa Hansi, mkazi wa mwana wanga Kundan. Mwanayo amagwira ntchito ku Delhi, pakhomo tili awiriwiri.

Patapita masiku atatu ndinawaona pakasupe, Pooran akulankhula, Hansi akuseka. Sabata yotsatira, mtsikana uja zibangili zatsopano ngwee pamkono, akuyimba popeta mawere. Ha! Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Zibangilizo?"

"Anandipatsa achimwene, Amayi, tsiku lija ndinapita kwathu."

"Nanga chalacho chatupa bwanji?"

"Minga, kokamweta udzu."

Minga! Ine ndakalamba ndikulumidwa ndi njuchi, wina andiuze za minga? Mtima unandiwawa, chifukwa njuchi zimenezo anazikokera m'khomamo ndi malemu bambo a Kundan. Zikafa ndi njala chifukwa cha zibangili, ndidzati chiyani?

Mmawa mwake Hansi atangopita kuthengo ndi chikwakwa, ndinatenga mpeni n'kugamula dothi la pathabwa. Njuchi zinali zitaunjikana pamodzi ngati mpira, zikungonjenjemera. Ndinawerenga malesa: asanu, monga ndinasiyira. Ndinakanda dothi latsopano, n'kumata, n'kusamba m'manja.

Koma mtima sunakhale pansi. Wakuba wochenjera sadula lesa lonse, amachepsa pang'onopang'ono. Ndinatsegulanso Lachinayi. Ndinatsegulanso Lolemba, chisanu chitayeretsa kale denga. Ndipo taonani, uchi unkatsikadi! Zipinda zimene zinali zotseka tsopano zinali gwaa, zouma. Ndinati ndakugwira, mwana wa eni.

Tiyi wake ndinasiya kumwa. Akandipatsa mkate wa mawere ndinkayang'ana zala zake ngati zikunata. Iye nayenso anayamba zachilendo: anapachika bulangete lake pathabwa lija.

"Ukubisa chiyani pamenepo?"

"Mphepo, Amayi. Zikumva kuzizira."

"Iwe ndi njuchi chibale chayamba liti?"



Mwezi wozizira kwambiri wa Magh uli pakati, dzuwa litatuluka masana ena, ndinapeza njuchi zakufa mbwee pansi pa kabowo kakunja. Ndinayika khutu pakhoma. Zii. Ndinamukoka Hansi dzanja kuchokera kukhola, ndowe zili m'manja, mpaka pathabwa.

"Lero uona wekha zimene wachita, iwe ndi Pooran wakoyo!"

"Pooran? Uja anandipempha malesa pakasupe, ndinamuseka basi."

"Khala chete!"

Ndinagwetsa bulangete, n'kukanganula thabwa. Njuchi zinali mulu pansi, zouma ngati mankhusu. Zina zinafera mitu ili m'zipinda, zikufunafuna kadontho kotsiriza. Ndinalira mokuwa, sindikubisani.

Hansi anagwada, natulutsa lesa limodzi, nalitembenuza pamaso panga. Kenako lachiwiri, mpaka onse asanu.

"Yang'anani m'mphepetemu, Amayi. Mpeni wadutsa pati?"

Ndinayang'ana. Ndinapapasa ndi chala. Phula linali lathunthu, monga zinaliumbira eni ake. Palibe munthu anadulapo.

"Nanga uchi wapita kuti?" Mawu anga anatuluka aang'ono.

"Zadya zokha. Munandiphunzitsa ndinu, kuti zikazizidwa zimadya kawiri kuti zifunde." Anagwira dothi la m'mbali mwa thabwa, likadali lonyowa. "Dothi ili silinaumepo chiyambire chisanu. Ndikabwera kuthengo ndimalipeza lamatidwa kumene. Nanga ine mtengwa ndikanawafunsa bwanji apongozi anga?"

Ndinakhala pansi pomwepo. Iye anakatenga lichero ndi katsache, nayamba kuwola njuchi zija mosamala, osandiyang'ana.

"Munatsegula kangati, Amayi?"

"Kanayi," ndinatero.

Anangogwedeza mutu, napitiriza kusesa. Zoona zake, ndinatsegula kakhumi ndi kamodzi.