Chipinda cha Kamphuno

"Usadutse pamenepo," anatero achimwene ake, atatchinga khomo ndi mkono.

Iye anaima ndi thireyi ya makapu akuda m'manja. Ankangofuna kukawatsuka kukhitchini. Bambo ake anali ataikidwa dzana, anthu ambiri atabwerera kwawo, ndipo ankaganiza kuti nkhani yakale ija yalowa nawo m'manda. Anadzinamiza.

"Achimwene, ndi makapu chabe."

"Ika pansi, wina atenga. Bambo ananena kuti usadzapondenso m'nyumba muno, unamva wekha. Kumwalira kwawo sikunafafanize mawuwo. Mawa ukwere basi."

Mawuwo anawamvadi, tsiku limene anasiya koleji ya uphunzitsi n'kukwatiwa ndi makaniko amene bambo ake sankafuna n'kumuona komwe. Zaka zinadutsa, ana anabadwa, bambo osalankhula naye pafoni ngakhale kamodzi. Tsopano anayang'ana amayi ake, amene anakhala pakhonde maso ali otupa. Amayiwo anangoyang'ana zala zawo za kumapazi. Kukhala chete kumeneko kunamupweteka kuposa mkono wa achimwene.

Anabwerera ku galaja kumene ankagona chibwerereni. Bambo ake atapuma ntchito anasandutsa galajayo kalasi, n'kumaphunzitsamo Chingerezi anthu akuluakulu: alonda, ogulitsa m'mashopu, aliyense wofuna kukwezedwa pantchito. Munali mabenchi okhaokha, ndi fungo la oyilo limene linakana kuchoka.

Akupinda zovala zake, munalowa chibambo chachikulu, malaya ositasita, chikuimba mluzu.

"Odi! Aphunzitsi achedwa lero? Izi ndiye zachilendo."

Anali dalaivala wa thiraki, wangofika kumene kuchokera ku ulendo wautali, foni yake itafera m'njira. Palibe amene anamuuza za malirowo. Mwana wamkazi wa aphunzitsiyo anasowa poyambira, ndiye anangonena mosazungulira.

"Bambo anatisiya. Tawaika dzana."

Dalaivala anakhala pabenchi mwamphamvu mpaka benchilo linalira.

"Ayi, mayi, musatero. Ndinawasiya akundikalipira ali bwinobwino!"

"Ndi mtima. Anagwa akuthirira maluwa."

Munthu wamkulu ngati ameneyo analira mokuwa, kukamwa kuli yasa, osachita manyazi. Achimwene anabwera akuthamanga, nkhope itakwinyika kale, poganiza kuti makaniko uja wabwera kudzayambitsa zake. Amayi anawatsatira pang'onopang'ono n'kuima pakhomo la galaja.

"Iwe Kamphuno, ndani ameneyu?" anafunsa achimwene.

Linali dzina la paubwana, limene bambo ake anamupatsa pomuseka mphuno. Dalaivala analeka kulira nthawi yomweyo.

"Mwati ndani?" Anamuyang'ana Kamphunoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kubwerera pamphuno. "Kamphuno ndi munthu weniweni? Ife timayesa ndi dzina longopeka!"

"Mukulidziwa bwanji?" anafunsa achimwene.

"Ndani m'kalasi muno sakulidziwa? Chitsanzo chilichonse chinali Kamphuno. Nsapato za Kamphuno, ana a Kamphuno, mwamuna wa Kamphuno amene amakonza magalimoto bwino kuposa aliyense. Ine vuto langa linali kamawu kaja koti 'the'. Ndikafuna kunena kuti chinthu ndi cha uje, ndimakaika patsogolo pa dzina. Iwo amvekere, 'Adalaivala, dzina la munthu silifuna womuperekeza, chotsani kameneko!' Ndiye ankatiimiritsa tonse pazenera ili."

Anadzuka, n'kuloza zenera lomaliza la nyumba, la makatani obiriwira.

"Ankaloza apo, ife n'kumabwereza: Kamphuno's room. Wina tsiku lina anafunsa kuti nanga Kamphunoyo ali kuti, bwanji sitimuona? Iwo anati ali paulendo, abwera. Kenako anatulutsa mpango n'kumati m'maso mwalowa fumbi."

Kamphuno anagwira khoma. Bambo ake aja, amene ankadula foni akangomva mawu ake, ankadziwa kuti ali ndi ana? Ankatchula mwamuna wake pamaso pa anthu? Anakwiya, anasangalala, anafuna kukuwa, zonse nthawi imodzi.

"Zabodza izi," anatero achimwene. "Bambo anali munthu wa mawu amodzi. Chipinda chimenecho muli katundu wakale."

"Unalowamo liti iwe?" anafunsa amayi.

Onse anatembenuka. Kanali koyamba amayiwo kukweza mawu chichitikireni maliro.

"Bambo anu ankatsegula zenera limenelo m'mawa uliwonse kuti musanunkhe chinyezi. Zofunda ankayanika okha, ine osandilola kukhudza. Ndikawauza kuti muimbireni mwanayu, ankati mphunzitsi sabweza zimene wanena pamaso pa anthu. Ndinawamvera, ndipo ndatopa nako kumvera."

Amayi anapita m'nyumba. Dalaivala ankangopukuta nkhope ndi chikhatho. Amayi anabwera atanyamula jekete yotuwa imene bambo ankavala pophunzitsa. Anapisa dzanja m'thumba lamkati, lakumtima, n'kutulutsa kiyi wa chipindacho. Achimwene anatambasula dzanja mwachizolowezi, koma amayi anawalambalala n'kumuika kiyiyo m'chikhatho cha mwana wawo wamkazi.

Kiyiyo anali woyera ndi choko, atasalala m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa. Kamphuno anamufumbata osamupukuta, n'kuyamba kuyenda kulowera kukhomo la nyumba.