Zitini Ziwiri za Enifa

Enifa anapita kuchipatala ku Boma akuyembekeza jakisoni, kapena mapilitsi owawa bwino. Anabwerako ndi nkhani ya zitini.

Vuto lake linali mvula. Chigumukireni phiri chaka cha namondwe, napolo n'kutenga mwamuna wake Elson pamodzi ndi nyumba, mtambo ukangoda pa Mulanje ankataya dengu la tiyi pakati pa munda, liwiro. Tsono tiyi amaphuka ndi mvula yomweyo. Kapitawo wa ku esiteti anali atanena kale kuti akadzathawanso kamodzi, ntchito yatha.

A Janeti, namwino wa za maganizo, anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Mayi, chimakuthamangitsani si mtambo, koma zimene mumadziuza mukauona. Mumati chiyani?"

"Ndimati lero tatha."

"Tiliyese ganizo limenelo. Tsiku limene mwati tatha, ponyani njere ya nandolo m'chitini. Phiri likagumukadi, ponyani m'chitini china."

"Nanga mankhwala?"

"Ndi amenewo."

Enifa anatuluka mutu utaima. Ngakhale sing'anga wa ku Nkando amakupatsako kamtsitsi! Kaya amuyesa wamisala, kaya wabodza, sanadziwe. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, zitini anazipeza.

Patatha milungu itatu anabwera nazo. China chinkalira wayawaya. M'chinacho munali njere imodzi yokha.

"Iyi ndi ya liti?" anafunsa a Janeti.

"Ya a Elson. Paja munati phiri likagumukadi. Tsono ndimvere ziti? Zambirizi zikuti ndimadzinamiza, imodziyi ikuti ayi."

A Janeti anaika zitini ziwirizo pamodzi.

"Zonse zikunena zoona, mayi. Kungoti imodziyi yakhala ikuyankhulira masiku ena onse. Akachenjeza pa wailesi, thawani ndithu. Koma kukangoda chabe, imani, pumani pang'onopang'ono, muthyole nsonga khumi musanasankhe chochita."

Lachinayi kunada bii. Miyendo inati tiye, kapitawo ali poteropo maso tong'o. Enifa anathyola khumi, osadziwa ngati uku n'kuchira kapena kupusa. Anathyolanso khumi. Mvula inamupeza akadali mumzere, mantha ali pomwepo, dengu lili kumsana.

Atafika kunyumba anaponya njere m'chitini cha njere zambiri chija. Kenako anatola ya Elson, naifumbata, nalira kulira kumene sanalire pa maliro. Atatha anaibwezera m'chitini chake, n'kuyanika zovala kuti mawa alawirire kuntchito.