Malo a Agogo pa Kaliyala

Enock ananyamuka ku Mpopoma, dera la m'tauni ya Andebele, m'mawa, njinga yake italemedwa ndi zikwama uku ndi uku. Ulendo unali wa ku Ntcheu, kwawo kwa makolo, kumene iye ankangokumva m'nkhani. Koma pa kaliyala sanamangepo kanthu, anangoyalapo kansalu. Amenewo anali malo a agogo ake, a Symon Phiri, amene anapita ku nkhondo ya azungu osabwerako, ngakhale mtembo wawo.

Mayi a Enock, a Loice, anali khanda la kumsana tsiku limene bambo awowo ankakwera sitima ya ku nkhondo pa siteshoni ya m'tauni momwemo. Tsopano anali nkhalamba ya pamphasa, ndipo chinkawasowetsa tulo n'chimodzi: bambo awo akungoyendayenda m'dziko la eni. Anapempha mwana wawo kuti akawatenge n'kukawatula kwawo, iwo asanatseke maso. Mkazi wa Enock, Nokuthula, anamuthyolera kanthambi ka mtengo wa umphafa, kamene Andebele amatengera mzimu, n'kumulangiza kuti aziwauza agogowo paliponse pamene afika. Koma munthu wopanda manda umakamutenga kuti?

Anayambira pa chipilala cha asilikali m'tauni. Maluwa a jakaranda ankagwa mwaulesi pa chishalo cha njinga. Anawerenga mayina mpaka maso kuchita chidima, koma la Symon sanalione. Anapalasa kupita ku manda a asilikali, kumene miyala yoyera inandandalikidwa pa kapinga wothiriridwa bwino kuposa dimba la kwa Enock. Anayenda mzere ndi mzere, kanthambi kali m'manja, ngati munthu wodikira kombi pa msewu umene kombi sidutsa. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anayamba kuganiza bodza loti akawauze mayi ake.

Dzuwa litafika pamutu, anakapuma kumene amasungirako sitima zakale, pafupi ndi siteshoni. Anakhala pamthunzi wa chitolole chadzimbiri, fungo la malasha ndi girizi likumuledzeretsa pang'onopang'ono. Kaya anagona kaya ayi, iye mwini sadziwa. Anangoona mawindo a chitololecho atadzaza anyamata ovala kaki, akuimba chapansipansi, utsi ukuyandama ngati nkhungu. Pansi panaima mayi wobereka khanda, ndipo mnyamata wina pawindo ankayang'anitsitsa kamutu ka khandalo, osaphethira.

Atadzidzimuka, panalibe munthu, koma njiwa zokha. Apa m'pamene anazindikira kuti ankafuna agogo ake pakati pa akufa, chonsecho banja linawataya ali moyo, pa njanji.

Chinamuopsa tsopano ndi lilime. Chichewa ankachimva bwino, koma poyankhula chinkatuluka chothyokathyoka, chosakanikirana ndi Sindebele. Nanga agogowo akamuyesa mlendo? Anagwada m'miyala ya njanji, naomba m'manja katatu.

"Agogo, ndine Enock, mwana wa Loice, uja munamusiya kumsana. Uxolo, pepani, Chichewa changa n'chopunduka. Ndabwera kudzakutengani. Tiyeni kwathu."

Anamangirira kanthambi pa kaliyala, nakankha njinga mpaka pamsewu.

Atangopalasa pang'ono, pamalo opanda chitunda n'komwe, njinga inalemera. Kaliyala analira kwii, tayala lakumbuyo n'kuphwa pang'ono. Enock sanacheuke. Misozi inangoyenderera mpaka m'ndevu.

Msewu wa ku Harare unali kutsogolo, koma iye anakhotera kumadzulo.

"Gwiritsani, agogo," anatero. "Tiyambe tadzera ku Mpopoma. Khanda lija likukudikirani."