Nsambo za Ba Davies

Nkhaniyo inamupeza Rhoda pamsika wa ku Estates, pa nyuzipepala yakale imene ankakulungira nsomba zouma. Mapepalawo sankawawerenga, poti kuwerenga sikugulitsa nsomba. Koma tsikulo atang'amba tsamba anaona nkhope ya atate ake ali mnyamata, tsitsi lili yangayanga ngati mtolo wa udzu, buluku lotambalala kumapazi, gitala ya besi ili pamimba. Pambali pawo panaima anzawo anayi. Anali a Njanji Five, gulu la nyimbo za roko limene linkagwedeza holo ya ku Estates iye asanabadwe.

Anakonza chitenje chimene anaberekera mwana wake Mapalo, nayamba kuwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, pakuti Chizungu chake chinathera mu giredi 9. Mtolankhani wa ku Lusaka ankafotokoza kumene kuli aliyense wa gululo lero. Timothy wa ng'oma anamwalira ku Ndola mu 1991. Marvin woimba anamutsatira chaka chinacho. Obed wa ogani anapita ku Botswana kukafuna ntchito, anabwerako ali m'bokosi. Davies wa gitala anaikidwa mwezi wa Malichi, chaka chomwechino cha 1995. Watsala Nedson Kamanga yekha, atate ake a Rhoda, amene anachotsedwa ntchito fakitale itagulitsidwa. Mzere wotsiriza anauwerenga kawiri: ba Nedson auza mtolankhaniyo kuti gulu likuchita pulakatisi tsiku lililonse, ndipo posachedwa aimbanso onse pamodzi.

Onse ndani?

Mbali ina ya yankho Rhoda ankaidziwa, kungoti sankafuna kuiyang'ana. Chiikireni ba Davies, ikangokwana folo koloko, nthawi imene huta ya kufakitale inkalira kale anthu poweruka, atate ake ankatsitsa besi pamsomali, n'kukhala pabedi kuyang'ana kukhomo. Hutayo inali itakhala chete chaka chathunthu, ndipo m'nyumbamo munalibe wotchi, koma sankaphonya. Ankaimba popanda sipika, nsambo zikungogunda pansipansi ngati mtima wa ng'ombe. Kenaka ankaleka, n'kumagwedeza mutu ngati akumvetsera wina. Chakudya ankangochitosa. Lamba anali atabooledwa mabowo atatu atsopano, ndipo kuchipatala anati sakupeza matenda.

Madzulo a tsikulo anawaikira pepala lija pamiyendo, likununkha nsomba, n'kuwafunsa kuti aimba ndi yani. Iwo sanabise. Anayankha mofatsa ngati akunena za nyengo.

"Atsala pang'ono kundilandira, mama. Davies akuti besi yanga ikadali yolemera. Ndipepukeko pang'ono chabe."

Rhoda sanalire. Amai ake anali atapita kale, bambo wa Mapalo anakwera basi ya ku Lusaka osabwereranso, ndipo amene anamutsalira anali atate akewo basi. M'mawa mwake anasiyira nsomba mnzake wa pabenchi, nakwera minibasi ya ku Shimabala, kumene ba Mainess, mkazi wamasiye wa ba Davies, ankalima repu ndi tomato.

Anawapeza akuthirira. Ba Mainess anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaika keni pansi n'kumuuza za mwambo umene anyamata asanu aja anapangana okha kalekale. Wina akamwalira, otsalawo ankadula chida chake pamaso pa anthu, n'kuponya zodulazo m'manda dothi lisanagwe. Kwa Timothy anang'amba chikopa cha ng'oma. Kwa Marvin anadula chingwe cha maikolofoni, kwa Obed cha ogani. Iwo ankati munthu amene wazolowera kuthamangira pulakatisi huta ikalira samva zoti wafa, kumuuza kwake n'komweko.

Nanga kwa ba Davies? Rhoda anafunsa.

"Atate ako ndiwo anatsala okha oti adule," anatero ba Mainess. "Anabwera m'mawa wa maliro kutenga gitala. Kumanda anaponyamo mawaya, anthu n'kuti zatheka. Koma ine ndakhala zaka makumi awiri ndikusesa nsambo zoduka m'nyumba mwanga, mwana wanga. Aja anali mawaya a mabuleki a njinga."

Anati sanalankhule chifukwa mkazi wamasiye satsutsa munthu pamanda. Pambuyo pake anamva kuti gitalayo ba Nedson anaipereka kwa a Pentekosite amene masiku ano amapemphera mu holo yomwe ija. Kunyumba akanaiona Rhoda, n'chifukwa anaibisa pakati pa anthu a Mulungu. Anamulangiza kuti akadula nsambozo asazigoneke, apite nazo kumanda tsiku lomwelo.

Rhoda anabwereka pulayazi kwa wokonza njinga pasiteji, ndipo dzuwa lili pamutu anali pakhomo la holo. Munali sisita Nelly yekha akukolopa. Atamva za gitala anaimitsa chikolopa, nati anyamata a kwaya anaileka kalekale. Ukaichuna bwinobwino masana, pofika folo koloko umapeza yadzichuna yokha mwa mtundu wina. Anaipempherera kawiri, abusa anaidzoza mafuta, kenaka anangoitsekera m'kabati ya matsache.

"Ngati mwabwera kuitenga, sisi, tengani. Sinidzauza munthu."

Inali yofiira, penti itasupuka pamene pamagona mkono. Rhoda ataigwira pakhosi anapeza thabwa lake lili lofunda, ngati mpando umene munthu wangonyamukapo. Sanadzipatse nthawi yoganiza. Anadula nsambo kumutu, nadula kumunsi, imodzi imodzi kuyambira yonenepa. Yomaliza, yopyapyala ngati tsitsi, inalira kanthawi itaduka kale, ndipo Mapalo anadzidzimuka kumbuyo.

Atatuluka panja anaziyang'ana zili m'manja. Anali mawaya abwino, osachita dzimbiri. Chingwe chake choyanikira chinali chitaduka sabata yatha, matewera ankawayanika pampanda pomwe ankadzaza fumbi. Kumanda kunali kutali, kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo nsomba zinkamudikira. Anati apita Loweruka. Kufika kunyumba anazilumikiza zonse zisanu ndi imodzi, kupota nsonga ndi pulayazi, nazimanga kuchokera pamtengo wa mango kufika pachitsulo cha windo.

Folo koloko itakwana atate ake anatsitsa besi, nakhala pabedi. Anadikira. Zala zinali pansambo koma sizinagwedezeke. Dzuwa linatsika mpaka kulowa pawindo, iwo akadali chiyang'anire kukhomo. Potsiriza anabweza besi pamsomali, osamuyang'ana Rhoda, ndipo atawapatsa phala anamwa theka la mbale. Tsiku lachiwiri anamaliza yonse. Sankamulankhula, koma iye anati bola munthu wokwiya amene akudya.

Tsiku lachitatu anaweruka msanga pamsika kuti achape. Kunali chifundizi, tsamba la mango silinkagwedezeka n'komwe. Akuyanika thewera lachinayi, waya unalira pansi pa zala zake. Anachotsa dzanja. Unaliranso wokha, mawu asanu ndi amodzi otsatizana, kuyambira lalikulu kukathera laling'ono, monga amachitira munthu wochuna gitala. Matewera onyowa ankanjenjemera, madzi akudontha.

Kumbuyo kwake Mapalo anasiya kuyamwa chala. Rhoda anamva kamutu kakutembenuka pamsana pake, kenaka kanayamba kugunda pakati pa mapewa ake, pang'onopang'ono, mosaphonya. Mwanayo ankang'ung'udza pansipansi, mawu aakulu osayenera pakhosi la miyezi isanu ndi itatu, ndipo ankaleka pomwe waya wayambira, n'kuyamba pomwe waya walekera.

Atacheuka anaona atate ake ataima pakhomo, manja ali opanda kanthu. Sankayang'ana waya. Ankayang'ana mdzukulu wawo.

"Iyo ni mbali yanga," anatero, mawu akuuma. "Akuimba mbali yanga."

Anatsika pakhonde opanda nsapato, nakankha matewera kugwera m'fumbi. Pulayazi sanaifunse. Anamasula ndi zala, nsonga zikuwabaya mpaka magazi, akulankhula motsitsa ngati munthu wodzudzula mnzake wa kalekale: kuti uyu ayi, Davies, uyu sanapangane nawe kanthu. Atakulunga nsambozo m'dzanja analowa m'nyumba, navala nsapato kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala.

Anayenda onse atatu kudutsa msewu wa ku Lusaka, malole a katundu wochokera kumwera akuwaulutsira fumbi. Ba Nedson ankapuma pafupipafupi, koma nsambo anakana kumupatsa Rhoda. Pamanda a ba Davies anagwada, nakumba ndi kamtengo kumutu mpaka mkono unalowa kufika m'chigongono. Anaziika, nakwirira, napondaponda ndi chikhatho.

"Pulakatisi yatha, mwana. Weruka," anauza mnzawo wa m'mandamo.

Anakhala chogwada nthawi yaitali, khutu atalitchera. Kunkangomveka njiwa ndi sitima ya katundu kutali kumlatho. Mapalo anali atagona, kukamwa kuli yasa, malovu akunyowetsa bulauzi ya amake.

Pobwerera ba Nedson anaima pa mai wina wootcha chimanga nati ali ndi njala. Anadya chimodzi chonse ali chiimire, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, ati utsi. Atataya chitsononkho anamuuza Rhoda, osamuyang'ana, kuti tsiku lawo likadzafika sipadzakhala wa gulu woti adule. Nsambo za besi yawo ndi zinayi zokha, koma n'zonenepa, adzabwereke pulayazi yaikulu.

"Udzadule wekha, anthu akuona. Ndipo usadzayanikepo matewera."

Rhoda anati wamva. Mawa lake anagula chingwe cha nayiloni pamsika, ndipo folo koloko ikamayandikira ankamasula Mapalo kumsana n'kumuika pachifuwa, pomwe angathe kumuona kumaso.